Mmene mungalepherere kukonza seva yodukaduka

Seva yosungira mafayilo imatha kukhala ndi vuto limene limaonekera pokhapokha ikalemedwa. M'mawa anthu akamatsegula makalata ang'onoang'ono, zonse zimayenda bwino. Wina akangoyamba kukopera mavidiyo akuluakulu, kapena backup ikayamba madzulo anthu a ku akaunti akadali pa malipiro a kumapeto kwa mwezi, liwiro limatsika kuchoka pa 110 MB pa sekondi kufika pa 0, foda imasowa, ndipo Windows imanena kuti dzina la pa netiweki lija silikupezekanso. Pakapita mphindi zochepa zonse zimabwerera mwakale. Wa IT akamafika, amapeza seva ili bwinobwino.

Vuto lotere limatha kukhala miyezi yambiri mu ofesi, ndipo kawirikawiri chimene chimalikhalitsa ndi kakonzedwe kake. Pali njira yolakwika imene anthu akhama, ofunira ofesi yawo zabwino, amaitsata tsiku ndi tsiku. Ndaiyala pano monse mmene imayendera, pamodzi ndi chimene sitepe iliyonse imawononga. Woitsata yonse, vuto lake silidzatha.

1. Foni ikangolira, zimitsani seva n'kuiyatsanso

Musayang'ane kanthu. Dinani batani, dikirani pang'ono, uzani anthu kuti yabwerera. Adzathokoza, pakuti yabwereradi, koma umboni wonse mwaufufuta. Khadi la netiweki limawerenga zolakwika zake: mapaketi amene anafika owonongeka, ndi amene anatayidwa chifukwa chosowa powaika. Pa Linux manambala amenewa amaoneka ndi lamulo la ethtool -S, ndipo seva ikayatsidwanso onse amabwerera pa 0. Uthenga wa mu dmesg, mmene kernel imalemba kuti khadi laima kapena diski yasiya kuyankha, nawonso umapita, pokhapokha ngati makinawo anakonzedwa kuti azisunga log pa diski.

Kuyatsanso kumadulanso ntchito imene inalemetsa seva ija, ndiye kwa maola angapo zimaoneka ngati mwakonza. Mukapitiriza motero mwezi wathunthu, ofesi idzazolowera kuti seva imafuna kuzimitsidwa tsiku lililonse, ndipo inu simudzakhala ndi mzere ngakhale umodzi wosonyeza chimene chikuchitika. Kuzimitsa ndi batani ma diski ali mkati molemba kumabweretsanso ngozi ina: fayilo imene inali pakati polembedwa ikhoza kutsala yoduka.

2. Wodandaula musamufunse kanthu

Munthu akati "Achimwene, seva yagwanso," yankhani kuti "Tikuona, mayi," n'kudula foni. Musafunse ola, musafunse ngati wa pa desiki loyandikana nalo nayenso wadukidwa, musafunse chimene ankakopera. Mafunso amenewa ndi amene akanagawa vuto pakati. Akadukidwa munthu mmodzi, vuto lili pa kompyuta yake, chingwe chake kapena Wi-Fi. Akadukidwa onse a chipinda chimodzi, lili pa swichi yawo kapena chingwe chimene chimailumikiza ku swichi yaikulu. Akadukidwa onse mu ofesi nthawi imodzi, lili pa seva kapena pa njira yake yolowera mu swichi. Ola nalonso limaulula zambiri, chifukwa backup, antivirus ndi scrub ya ZFS zimayamba pa nthawi yoikika. Mayi wa ku akaunti amene waona kuti zimachitika nthawi zonse ikangodutsa 4 koloko ali ndi theka la yankho. Safunsa anadya phula.

Siyaninso mawotchi a seva, swichi ndi makompyuta asiyane ndi mphindi zingapo, osawalumikiza ku NTP. Tsiku limene mudzafune kufananiza ma log, simudzatha kudziwa chimene chinayamba ndi chimene chinangotsatira.

3. Yesani ndi ping yokha, seva ikupuma

Lowani Loweruka m'mawa mu ofesi mulibe munthu, tumizani ping, onani kuti mayankho onse abwera, lembani lipoti loti netiweki ilibe vuto. Ping wamba imatumiza kapaketi kamodzi pa sekondi, konyamula mabaiti 56 pa Linux ndi 32 pa Windows. Chingwe cha gigabit chikadzaza chimadutsitsa mapaketi opitirira 81,000 pa sekondi, iliyonse ya mabaiti 1500. Kuyesa kotereku n'chimodzimodzi kuwolotsa njinga pa mlatho wamitengo n'kulengeza kuti lole ya chimanga idzadutsa.

Pewani iperf3, chifukwa ikhoza kukupatsani yankho tsiku lomwelo. Pa seva mumalemba iperf3 -s, pa kompyuta ina iperf3 -c ndi adiresi ya seva, kuwonjezera -t 600 kuti ithamange mphindi 10, kenako kubwereza ndi -R kuti katundu achoke ku seva kubwera kwa inu. Pulogalamuyi imadzaza chingwe osakhudza diski. Pa gigabit yabwino imaonetsa pafupifupi 940 Mbps osatsika. Ikaduka kapena manambala a pa mzere wa Retr akamakwera kwambiri, vuto lili pa chingwe, khadi, driver kapena swichi. Ikatha mphindi 10 mbali zonse popanda chovuta, netiweki yatuluka m'mlandu, ndipo maso apite ku ma diski ndi ku pulogalamu yogawa mafayilo.

Pewaninso kuyesa kosavuta uku: kusiya ping ikuthamanga pa windo lina pamene mukukopera fayilo yaikulu pa linzake. Foda ikaima koma ping n'kumayankhabe, seva ili pa netiweki ndipo chaima ndi china mkati mwake. Zonse zikaima pamodzi, nyali ya pa port n'kuthima, kulumikizana kwenikweni kwaduka. Osadziwa kusiyana kumeneku amatha masabata akusintha zingwe pa vuto la diski.

4. Popeza anthu akuti netiweki yaduka, ma diski musawayang'ane

Tengani mawu a wodandaula ngati chigamulo. Wa pa desiki amaona foda ikusowa, ndiye amatchula netiweki, koma seva imene ma diski ake atsamwa imaoneka chimodzimodzi. Samba, pulogalamu imene Andrew Tridgell anatulutsa mu 1992 ndipo imagawira makompyuta a Windows mafayilo a pa Linux, imadalira kernel kuti ilandire zolembedwa. Linux imayamba yaziika mu RAM n'kumazitsitsira pa diski pambuyo pake. Zikafika pa malire a vm.dirty_ratio, amene pokhapokha wina atasintha amakhala 20 peresenti ya RAM yopezeka, pulogalamu yolembayo imadikiritsidwa kufikira ma diski atapeza mpata. N'chifukwa chake kukopera kumayamba mothamanga kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Windows imadikira yankho la seva masekondi 60. Likapanda kubwera imadula n'kunena kuti seva yasowa, chingwe chili bwinobwino.

Diski yoyamba kutha imachitanso zomwezo. Ikakumana ndi malo ovuta kuwerenga imabwerezabwereza, ndipo ya kompyuta wamba imatha kulimbana nawo kupitirira masekondi 30 amene Linux imadikira, pamene yopangidwira seva imasiya pakatha pafupifupi masekondi 7 n'kusiyira RAID kuti itenge pa inzake. Lamulo la smartctl -a limaonetsa zimenezi pa mizere ya Reallocated_Sector_Ct ndi Current_Pending_Sector, ndipo iostat -x 1 imasonyeza diski imene anzake onse akuidikira. Musaziyendetse.

Musafufuzenso mtundu wa ma diski anu. Mu 2020 zinadziwika kuti ma diski ena a WD Red a 2 TB mpaka 6 TB, ogulitsidwira ma seva ang'onoang'ono, anali a SMR, mtundu umene umalemba mizere yosanjikizana. Malo ake olandirira mwachangu akadzaza, liwiro limagwa kwambiri, makamaka pomanganso RAID kapena ZFS. Western Digital inavomereza, ndipo a CMR, osasanjikiza mizere, inayamba kuwatcha Red Plus. Nambala ya model yolembedwa pa diski imathetsa funsoli mu mphindi imodzi.

5. Chingwe musachikayikire

Nenani kuti nyali yobiriwira ikuyaka, choncho chingwe chili bwino. Gigabit imagwiritsa ntchito timawaya tonse 8 ta m'chingwe, pamene 100 Mbps imafuna 4 tokha. Kamodzi kakagwedera mu pulagi, khadi limatha kutsika lokha kufika pa 100, kapena kumaduka n'kulumikizanso. Chingwe chopanidwa ndi chitseko cha kabati, chomangidwa pamodzi ndi mawaya a magetsi, chopitirira mamita 100, kapena chotsika mtengo cha aluminiyamu wongokutidwa ndi mkuwa chotchedwa CCA, chimadutsitsa mapaketi ochepa popanda wodandaula. Katundu akachuluka, owonongeka amachulukanso, ndipo nambala ya rx_crc_errors imakwera pamaso panu.

Musagwade kuseri kwa kabati ndi tochi. Mukanaona pulagi imene kapulasitiki kake kogwirira kanathyoka kalekale, yongotsamira m'bowo, imene imasuntha pang'ono aliyense akatsegula chitseko. Kuika chingwe china chodziwika kuti n'chabwino, m'bowo lina la swichi, kumatenga mphindi 2 ndipo sikudya ndalama. Kusiyeni kuti kukhale komalizira.

6. Sinthani zinthu zambiri nthawi imodzi, osalemba

Sitepe iyi ndi imene imasandutsa vuto limodzi kukhala mavuto atatu. Usiku umodzi kwezani MTU, ikani liwiro pamanja, onjezani mizere ya socket options mu smb.conf, sinthani driver, sinthaninso makonzedwe a kernel amene munawaona penapake. Vuto likatha simudzadziwa chimene chalithetsa. Likakula simudzadziwa choti mubweze, pakuti makonzedwe akale simunasunge.

Yambani ndi jumbo frames. Ikani MTU ya 9000 pa seva yokha, swichi ndi makompyuta zitsale pa 1500. Mapaketi ang'onoang'ono adzadutsa, foda idzatseguka, koma paketi yaikulu ikafika pa chipangizo chosailola imatayidwa mwakachetechete, ndipo ntchito zina zimangoima popanda uthenga womveka. Lamulo la ping -M do -s 8972 pa Linux, kapena ping -f -l 8972 pa Windows, limasonyeza ngati njira yonse ikulola 9000, chifukwa limaletsa paketi kugawidwa. Musaliyese.

Kenako ikani 100 full duplex pamanja mbali imodzi, inayo muisiye pa auto. Mbali ya auto idzazindikira liwiro koma idzatenga half duplex. Ntchito ikakhala yochepa palibe adzaone kanthu, ikachuluka mapaketi adzawombana n'kutayika. Dziwaninso kuti gigabit ya pa chingwe cha mkuwa imafuna auto-negotiation kuti igwire nkomwe. Za socket options, buku la smb.conf lenilenilo limachenjeza kuti makina amakono amadzisinthira okha kukula kwa buffer, ndipo kuika nambala pamanja kumatha kuchedwetsa seva. Malangizo ambiri oyendayenda pa intaneti analembedwera makina akale kwambiri. Atengeni onse osayang'ana chaka chake.

7. Log musawerenge, gulani zatsopano

Lemberani bwana kalata yopempha seva yatsopano kapena khadi la 10 gigabit musanatsegule log. Nthawi zambiri khadi limadzinenera lokha. Pa Linux, makhadi ena a Intel oyendera driver wa e1000e amalemba kuti "Detected Hardware Unit Hang" akalemedwa, kenako amadziyatsanso, ndipo kwa masekondi amenewo seva imasowa. Ambiri alithetsa vutoli pozimitsa TSO ndi GSO ndi lamulo la ethtool -K, kuti ntchito yodula mapaketi ibwerere kwa CPU. Pa FreeBSD ndi TrueNAS yoyendera FreeBSD, makhadi a Realtek omangidwira pa motherboard amadziwika ndi uthenga wa "re0: watchdog timeout" katundu akachuluka, ndipo pamenepo khadi laling'ono la Intel ndi limene ambiri amaikapo. Manambala a mapaketi ophonyedwa akamakwera, ring buffer ndi yochepa kapena CPU yatanganidwa. Lamulo la ethtool -g limaonetsa kukula kwake ndi malire ake. Log ikanena "Out of memory", kernel yapha pulogalamu chifukwa RAM yatha, ndipo khadi lilibe mlandu.

Mukagula khadi la 10 gigabit, liikeni mu bokosi la kompyuta wamba lopanda fani yoliwuzira. Makhadi ambiri oterewa anapangidwira seva ya mu rack imene mphepo imadutsamo mwamphamvu. Popanda mphepoyo amatentha akalemedwa, makamaka m'kachipinda kotsekedwa nyengo yotentha, fumbi litadzaza m'mabowo a bokosi, ndipo amayamba kudula. Mudzakhala mwawononga ndalama za ofesi n'kugula kuduka kwa mtundu wina.

8. Mu swichi musalowemo

Iyeseni bokosi longogawa zingwe. Swichi yoyendetsedwa ili ndi log yake, imene imalemba ola lenileni limene port inatsika ndi kukwera, ndiponso mapaketi amene inataya chifukwa buffer inadzaza. Kutaya kotere kumachitika makompyuta ambiri akamalemba pa seva ya chingwe chimodzi nthawi imodzi, kapena seva ya 10 gigabit ikamakhuthulira pa kompyuta ya 1 gigabit. Pa swichi zogwiritsa ntchito spanning tree yakale, port imene yaduka kwa sekondi imodzi imadikira masekondi 30 isanayambenso kudutsitsa mapaketi, pokhapokha itaikidwa ngati port ya kumapeto. Kuduka kochepa kumasanduka kotalika motero.

Musafufuze ngati printer kapena laputopu ya mlendo yatenga adiresi ya IP ya seva, ngakhale arping imasonyeza msanga ma MAC awiri akuyankha pa adiresi imodzi. Musazimitse Energy Efficient Ethernet kuti muone ngati khadi ndi swichi zikusemphana pa kugona ndi kudzuka. Seva iikeni pa UPS koma swichi isiyeni pa soketi ya pakhoma, kuti magetsi akaphethira kapena jenereta ikamalowa, swichi iyambirenso seva osadziwa kanthu.

9. Bisani chizindikiro

Anthu akatopa, chitani chimene chingachotse uthenga wa vuto pa sikirini. Pa NFS, log ikamalemba "server not responding, still trying", sinthani mount kuchoka pa hard kupita pa soft kuti makompyuta asamaime. Adzasiyadi kuima, koma soft imalola kulemba kulephere pakatha nthawi yodikira, ndipo buku la NFS limachenjeza kuti zimenezi zikhoza kuwononga deta mwakachetechete. Wolemba lipoti adzaganiza kuti wasunga, n'kudzazindikira patapita masabata kuti fayilo ndi yoduka.

Zimitsani firewall yonse "kuti tingoona", n'kuiwala kuiyatsa. Yatsani SMB1 chifukwa wina wati yakale inali yolimba. Kudzera mu SMB1 ndi mmene pulogalamu yoipa ya WannaCry inafalikira mu May 2017, n'kuimitsa makompyuta m'maiko ambiri kuphatikizapo a zipatala za NHS ku Britain, ndipo Microsoft inasiya kuiika yokha pa Windows 10 chaka chomwecho. Kuduka kwanu sikudzatha, ndipo mafayilo a ofesi yonse adzakhala pa khomo lotsegula.

10. Yeserani pa mafayilo a anthu, popanda backup

Nenani kuti pali RAID, ndiye palibe chingatayike. RAID imateteza diski imodzi ikafa. Siibweza fayilo yofufutidwa, yoduka pakati kapena yolembedwa molakwika, chifukwa cholakwikacho imachilemba mokhulupirika pa ma diski onse. Ngati kuduka kukuchokera pa diski yoyamba kutha, kuyesa kolemetsa kukhoza kuimaliza, ndipo kumanganso RAID kumawerenga ma diski otsala onse kwa maola ambiri, nthawi imene yachiwiri imakonda kufa. Choncho yesani masana, anthu ali pa ntchito, pa foda ya malipiro, musanatsimikize kuti backup ya dzulo ikutheka kubwezedwa.

11. Lengezani msanga kuti latha

Likadutsa tsiku limodzi popanda dandaulo, tumizani uthenga woti vuto lathetsedwa. Musabwereze katundu amene ankaligwetsa. Mwina tsikulo palibe anakopera chachikulu. Kumapeto kwa mwezi lidzabwerera, ndipo anthu adzasiya kukuuzani. Aliyense adzayamba kusunga ntchito yake pa desktop ndi pa flash, mafayilo adzakhala m'makope osiyanasiyana, backup ya seva izisunga zakale zokhazokha, ndipo laputopu imodzi ikabedwa ntchito ya miyezi idzapita nayo. Kumeneku ndiye kutaya kwakukulu pa njira yonseyi, pakuti seva imene anthu asiya kuikhulupirira yasiya kugwira ntchito imene inaguliridwa.

Masitepe onsewa ali ndi gwero limodzi: kuchita kanthu musanayeze. Njira yolondola ndi yaifupi. Tsimikizani backup. Pezani katundu amene amagwetsa seva nthawi iliyonse mukamuika, kuti vuto lizibwera pa nthawi imene inu mwasankha. Likabwera, jambulani dmesg, ethtool -S, log ya swichi ndi iostat musanakhudze batani. Siyanitsani netiweki ndi ma diski pogwiritsa ntchito iperf3. Sinthani chinthu chimodzi, kuyambira chingwe, bwerezani katundu yemweyo, lembani m'kope tsiku, ola, chimene mwasintha ndi chimene chachitika. Chosathandiza chibwezeni musanasinthe china.

Inu amene mumasamalira seva, kaya mu ofesi ya anthu 10 kapena ya anthu 500, mafayilo ali mmenemo ndi malipiro, mapangano ndi ntchito ya anzanu. Foni ikadzaliranso, pemphani mphindi 5, funsani ola ndi amene adukidwa, ndipo werengani log musanazimitse.